Makadi a Bambo Gerard

Kwa zaka zitatu, Getrude Fombe, mayi wa ku Nsanje, ankakwera sitima ya pamtunda ya m'mawa kuchoka m'tauni ya Dublin kupita ku Skerries kukasamalira nkhalamba ina, bambo Gerard. Ankawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwawenga zikhadabo za kumapazi zimene zinali zitauma gwa, ndi kuwaphikira phala lopanda shuga monga ankalifunira. Anali atawazolowera mpaka ankadziwa kuti akatsokomola kawiri asanayankhe funso, ndiye kuti bondo likuwawa koma sakufuna kunena. Akazi awo anamwalira kalekale. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Hilary, anachoka mu 2009 kampani yomanga nyumba imene ankagwirako itatseka, n'kukakhala ku Australia monga ankachitira achinyamata ambiri a ku Ireland masiku amenewo. Tsiku lotsanzika, Hilary anamugwira Getrude manja onse awiri pakhomo, misozi ili chuchuchu, nati, "Bambo angawa ndakusiyirani inu." Getrude ankawakumbukira mawu amenewo m'mawa uliwonse akamatsegula chitseko ndi kiyi wakewake.

Bambo Gerard anali mphunzitsi asanapume pantchito, ndipo chimene ankadzukira m'mawa chinali chimodzi: mabokosi a nsapato asanu ndi limodzi odzaza ndi makadi. Pa khadi lililonse panali dzina la malo, chaka, ndi kumene dzinalo linachokera. Ankalondola Angerezi oyambirira amene anasiya kwawo zaka mazana anayi zapitazo n'kuwoloka nyanja kupita ku America, ndi maina amene anakapereka ku malo amene eni ake anali atawatcha kale maina ena.

"Taganizani, Getrude," ankatero ali m'bafa, sopo ali mbuu kumutu. "Anthu atopa ndi Boston ya ku England. Agulitsa mbuzi ndi mipando, akwera sitima, miyezi iwiri ali pamadzi, ana ena akufera m'njira. Afika uko, amanga timisasa. Ndiye mudzi watsopanowo autcha chiyani? Boston!"

"Zoona, bambo. Kwezani mkono."

"Ena anatcha mudzi wawo dzina la mfumu yawo James, kuti aikondweretse. Mfumuyo kumeneko sinapondeko n'komwe."

"Zoona. Mkono winawo."

Kwa Getrude nkhanizi zinali ngati wailesi yolira kuchipinda china. Sankadana nazo ayi, koma ntchito inali yambiri, ndipo munthu sangatsuke nkhalamba uku akuganiza za anthu amene anafa kalekale.

Prudence Miti anabwera m'nyumbamo chifukwa cha Getrude yemweyo. Anali mtsikana wa ku Chipata, ku Zambia, amene ankapemphera naye tchalitchi chimodzi. Hotela imene ankakonza zipinda itachepetsa antchito, Prudence anasowa pogwira, ndipo Getrude anamugoneka pa sofa yake miyezi iwiri. Miyendo ya bambo Gerard itayamba kufooka kwambiri, kampani imene inkatumiza Getrude inaona kuti pakufunika munthu wachiwiri wa masana, ndipo Getrude ndi amene anapita ku ofesi kukamupemphera malowo. Anamuphunzitsa yekha kanyamulidwe ka munthu wokalamba osamupweteka, ndi dongosolo la mankhwala. Anagwirizana kuti Getrude azigwira kuyambira eight o'clock mpaka two, Prudence azilandira pamenepo. Ankakumana kwa theka la ola posinthana.

Sabata yachitatu, Getrude atavala kale jekete kuti azipita, anamva phokoso limene sanalimvepo m'nyumbamo. Bambo Gerard ankaseka. Sikunali kumwetulira kwaulemu kumene ankamupatsa iye akawaikira phala, koma kuseka kochokera m'mimba, kotsokomoletsa. Anasuzumira pabalaza. Prudence anali atakhala pa mpando wa malemu mayi, mpando umene Getrude ankangoupukuta fumbi osaukhalira, ndipo makadi anali mbwee patebulo.

"Getrude, bwerani mudzamve!" anatero bambo Gerard, maso akuwala. "Kwawo kwa mtsikanayu kunkatchedwa Fort Jameson! Agogo ake mpaka kufa kwawo ankangoti akupita ku Foti. Zaka zitatu zonsezi, inu simunandiuze kuti kwanu kumeneko malo ali ndi maina awiriawiri?"

"Simunandifunse, bambo."

"Ineyo ndinafunsa Angerezi okha akufa," anatero, n'kusekanso. Prudence nayenso anaseka.

M'sitima pobwerera, Getrude anakhala moyang'ana nyanja koma sanaione. Mumtima munkangomveka kuti, mbale za nkhomaliro watsuka ndani? Bafa wakolopa ndani? Koma akuseka ndi ndani?

Anaganiza zoti nayenso aonetse kuti sukulu anapitako. Loweruka anaimbira foni achimwene ake a Rodwell, amene ankaphunzitsa ku Bangula, nawafunsa maina akale a maboma a ku Malawi. Analemba pa envulopu yakale: Mangochi, Fort Johnston. Mchinji, Fort Manning. Chitipa, Fort Hill. La kwawo lokha ankalidziwa kuyambira ali mwana. Lolemba anawasambitsa msanga bambo Gerard, anawaveka juzi yawo yobiriwira, anawapangira tiyi, n'kukhala pansi moyang'anana nawo, chinthu chimene sankachita.

"Bambo, kwathu ku Nsanje kale kunkatchedwa Port Herald."

"Eya, Port Herald!" Anatambasula dzanja, natulutsa khadi m'bokosi latsopano limene Getrude anali asanalione. Pachivundikiro panalembedwa kuti Africa. "Nali pano. Prudence anandiuza Lachinayi. Ndi Fort Johnston yomwe, ndi Blantyre, imene anaitcha dzina la kamudzi ka ku Scotland."

Getrude analiyang'ana khadilo. Zilembo zake zinali zozungulira, za Prudence. Ndipo anakumbukira kuti Lamlungu la sabata yathayo, atatuluka m'tchalitchi, Prudence anamufunsa ngati nkhani wamba, "Ba sisi, kwanu kuja azungu enze kukuitana bwanji?" Iye n'kumuyankha osaganiza kanthu. Anaipinda envulopu ija kawiri n'kuibweza m'thumba.

Two o'clock Prudence atafika, bambo Gerard anayambitsanso nkhani yomweyo. "Koma pali chimene sindinalembe. Dzina lakuti Nsanje limatanthauza chiyani?"

Prudence anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Kenako anawauza m'Chingerezi tanthauzo la mawu akuti nsanje, loti ndi kuwawidwa mtima mnzako akamakondedwa. Bambo Gerard anamenya tebulo ndi chikhatho.

"Tauni yonse? Getrude, ndiye inu ndinu munthu woopsa!"

"Dzina la malo ndi lina, mawuwo ndi ena," anatero Getrude, koma palibe anamumva. Prudence anamukhudza paphewa nati, "Ni nthabwala chabe, ba sisi." Getrude anamwetulira mano okha. Tsiku limenelo anasiya sitima imodzi ipite, atakhala pa benchi pa siteshoni, chifukwa sankafuna kuti anthu amuone nkhope.

Miyezi inapita. Bambo Gerard anayamba kudya bwino, ndipo m'mawa ankafunsa nthawi pafupipafupi. Getrude ankadziwa kuti akuwerengera two o'clock. Nthawi zina ankalowa pabalaza n'kupeza makapu awiri a tiyi adzulo ali pomwepo, osatsuka, ndipo ankawatsuka mwaukali mpaka kapu imodzi inathyoka chogwirira. Kwa Prudence sananene kanthu. Ankamulonjera bwinobwino, kumufunsa za kumudzi, kumukumbutsa za mapiritsi a madzulo.

Chimene chinamumaliza chinali ulendo wa ku Dún Laoghaire. Kwa zaka ziwiri Getrude anali akuwanyengerera bambo Gerard kuti atuluke, ngakhale kungofika padoko la ku Skerries pomwepo kukaona maboti, koma ankakana kuti kunja kukuzizira ndipo anthu aziwayang'ana pa njinga ya olumala. Lachitatu lina mu July anamuuza kuti awasitire shati yoyera ndi kuwapukutira nsapato.

"Kuli alendo, bambo?"

"Ayi, tikupita ku Dún Laoghaire ndi Prudence. Ndinabadwira kumeneko. Angerezi anakutcha Kingstown mfumu yawo itapondako, ndipo dzina lathu linabwerera patatha zaka pafupifupi zana. Koma bambo anga mpaka kale ankangoti Kingstown. Mtsikanayu akufuna akaone ndi maso ake."

Getrude anaisita shatiyo. Anaisita bwino kwambiri, kolala yake inaima nji. Anawameta ndevu, anawapesa, anawamanga tayi, anaika botolo la madzi ndi bulangeti m'chikwama. Kenako anaima pakhomo kuwaonerera akutsetsereka ndi msewu wa ku siteshoni, Prudence akukankha njinga, nkhalamba ikuloza uku ndi uku ngati mwana wopita ku tauni koyamba.

M'mawa mwake Hilary anaimba pa kompyuta kuchokera ku Australia. Getrude ndi amene anailumikiza, monga mwa masiku onse, n'kuima kumbuyo kwa mpando.

"Ababa, ndaona chithunzi chija! Muli padoko, mukudya ayisikilimu! Ndalira, ndithu ndalira. Prudence ameneyu ndi mngelo. Ali pomwepo ndimuthokoze?"

"Amabwera masana. Pano pali Getrude."

"Oo, moni Getrude! Muli bwanji? Mukamuona mundithokozereko."

"Ndimuuza," anatero Getrude.

Masana omwewo, posinthana, anaona Prudence akulowetsa m'chikwama chake buku lalikulu la mapu, lachikuto chofiirira, limene linkakhala pashelefu yapamwamba. Getrude ankalidziwa. Ankalipukuta fumbi Lachisanu lililonse, ndipo tsiku lina atalitsegula bambo Gerard anamuuza kuti alisamale chifukwa linali mphatso ya akazi awo.

"Anipatsa, ba sisi," anatero Prudence monong'ona, nkhope ili ngwee. "Nakana, nakana, koma akakamiza. Alembamo na dzina langa."

Onse awiri ankadziwa lamulo la kampani, loti wantchito asalandire mphatso kwa munthu amene akumusamalira. Getrude akanatha kumuuza pomwepo kuti, bweza, mng'ono wanga, zidzakuvuta. Mawuwo anafika pakamwa. Anawameza.

Anaimba foni ali pa siteshoni, ataima kumapeto kwenikweni kumene kunalibe anthu. Anauza mayi wa ku ofesi kuti sakufuna kuipitsa mnzake, kuti Prudence ndi mtsikana wabwino, kungoti iye nkhawa yake ili pa nkhalamba. Anatchula za bukulo. Anatchulanso kuti ulendo wa ku Dún Laoghaire sunalembedwe m'buku la ntchito, ndipo ku ofesi sanapempheko chilolezo. Zonse zimene ananena zinali zoona, ndipo m'sitima ankadziuza zimenezo mobwerezabwereza mpaka kukafika m'tauni.

Iye ankaganiza kuti angomudzudzula, kapena kumusamutsira nyumba ina. Koma chinali chaka choipa. Boma linali likudula ndalama zosamalira okalamba, ndipo kampaniyo inali kale ikufunafuna woti imuchotse. Pasanathe sabata, Prudence anaitanidwa ku ofesi, anabweza buku, anabweza kiyi, ntchito n'kuthera pomwepo.

Loweruka masana anagogoda pakhomo pa Getrude, maso atatupa.

"Ba sisi, manje nizachita bwanji? Nani angachite izi? Kapena ni aja aneba oyang'ana pa windo?"

Getrude anamulowetsa, anamukhazika pa sofa yomwe ija, anamupangira tiyi wa mkaka wambiri. Anamusisita pamsana akulira. "Azungu ndi choncho," anamva pakamwa pake pakutero. "Usadandaule, Mulungu atsegula pena." Prudence anamugwira dzanja n'kulifinya, ndipo Getrude anayang'ana kukhoma.

Maola onse anabwerera kwa iye, kuyambira m'mawa mpaka six o'clock. Nyumba inayera ngati kale. Koma bambo Gerard anangoti zii. Phala ankalidya theka. Mabokosi anakhala osatsegulidwa. Getrude anayesa kukhala nawo patebulo masana, nafunsa mafunso amene anawakonzekera m'sitima.

"Bambo, nanga Virginia, dzina limeneli linachokera kuti?"

"Kwa mfumukazi yawo."

"Nanga Plymouth?"

"Ku England. Zili pa khadi, mukhoza kuwerenga."

Atatero ankatseka maso ngati agona. Getrude ankakhala pomwepo kumvetsera wotchi yapakhoma, ndipo chomupweteka kwambiri chinali choti ngakhale panopa, Prudence kulibe, nkhalambayo inali ya Prudence.

Tsiku lina m'mawa akuwameta ndevu, bambo Gerard anayankhula maso ali pagalasi.

"Ndinaimba ku ofesi kwanu. Ndinawauza kuti bukulo ndinapereka ndekha, ndipo ulendowo ndinaupempha ndine. Akuti sangasinthe. Ndinafunsa kuti anawauza ndani. Akuti sangatchule dzina, koma ndi wantchito mnzake." Anamuyang'ana kudzera m'galasimo. "M'nyumba muno mumalowa anthu awiri okha, Getrude."

Lezala linaima m'mwamba. Getrude anafuna kunena za lamulo, za kuopsa kwa sitima kwa munthu wa miyendo yofooka, koma nkhalamba inayamba ndiyo kuyankhula.

"Sindikufunsani chifukwa," anatero bambo Gerard. "Ndaphunzitsa ana zaka makumi anayi, ndikudziwa zimene zimachitika mphunzitsi akayamika mmodzi n'kuiwala amene amafufuta bolodi tsiku lililonse. Pamenepo ndinalakwa ine. Koma mtsikanayo sanakulakwireni. Malizani kumetaku, sopo akuuma."

Anamaliza. Sanawacheke ngakhale pang'ono.

"Ndawauza a ku ofesi kuti Prudence tsopano si wantchito wawo," anapitiriza akupukuta kumaso. "Ndi mnzanga. Mnzanga akhoza kubwera kudzacheza m'nyumba mwanga tsiku lililonse limene wafuna, ndipo ndikhoza kumupatsa chilichonse. Abwera Lamlungu akatuluka ku tchalitchi. Mudzatikonzere tiyi."

Ndipo zinaterodi. Prudence anali atapeza ganyu yokolopa ku bwalo la ndege, ya maola ochepa ndi malipiro ochepa, koma Lamlungu linali lake. Anafika atavala diresi la ku tchalitchi, anagogoda ngati mlendo, ndipo Getrude, atavala yunifolomu, ndi amene anamutsegulira. Anayang'anana pakhomo.

"Prudence, pali zoti ndikuuze."

"Nidziwa kale." Mawu ake anali ozizira, opanda ukali. "Nenze kuganiza, kuganiza. Buku ija anaiona ni imwe mweka. Tsiku lija munanipangira tiyi, munali mudziwa."

"Ndinalakwa. Sindinkafuna kuti ntchito ikuthere."

"Munafuna chani?"

Getrude anakankha chitseko kuti chitseguke chonse.

"Mukananiuza chabe kuti nichoke, nikanachoka. Ni imwe munanibweretsa." Prudence anapukuta nsapato pa chopondera, namulambalala kulowa pabalaza.

Getrude anaphika tiyi, anaika mabisiketi pa mbale, anapereka. Bambo Gerard anamuuza kuti atenge kapu akhale nawo, koma iye anati ali ndi zochapa. Ali kukhitchini anamva chivundikiro cha bokosi chikutseguka, kenako mawu a nkhalamba akukwera, akufotokoza za anthu a m'sitima ina amene anafika ku gombe la America n'kupeza kuti malowo Mngerezi mnzawo anawalemba kale dzina pa mapu iwo asanafike. Prudence anafunsa kuti nanga eni dziko ankawatcha chiyani, ndipo bambo Gerard anafuula kuti limenelo ndiye funso. Getrude anatsegula mpopi mwamphamvu kuti asamve, kenako anautsekanso kuti amve.

Zinakhala choncho Lamlungu lililonse mpaka chisanu chachikulu cha kumapeto kwa chaka chimenecho. Bambo Gerard anadwala chibayo, nagonekedwa m'chipatala masabata atatu, ndipo atatuluka madokotala anati sangakhalenso okha. Hilary anabwera kwa masiku khumi, anawapezera malo ku nyumba yosungira okalamba, nyumba ya ku Skerries n'kuiika pamsika, ngakhale ogula kunalibe. Anamuthokoza Getrude ndi maluwa. Kampani inamutumiza kwa gogo wina wa ku Swords amene sankayankhula n'komwe, ankangoyang'ana TV kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Getrude anapita kukawaona bambo Gerard kamodzi. Anamulandira bwino, anamufunsa za achimwene ake, anadandaula kuti anamwino a kumeneko sadziwa kumeta, amasiya ndevu pansi pa chibwano. Getrude anapempha lezala n'kuwameta yekha. Potuluka anali wopepukidwa mtima kuposa miyezi yonse yapitayo.

Prudence anasamukira ku tchalitchi china, cha kufupi ndi bwalo la ndege, ndipo awiriwa sanaonanenso. Koma Amalawi ndi a ku Zambia a mu Dublin ndi ochepa, nkhani sizisowa wozinyamula. Lamlungu lina pambuyo pa Misa, akumwa tiyi mu holo, mayi Deborah a m'kwaya anamukhalira pafupi.

"Mnzanu uja wa ku Chipata ndinakumana naye pa basi. Akuti anayamba sukulu ya madzulo, akufuna adzakhale mphunzitsi. Akuti ndi nkhalamba yanu ija inamulimbikitsa, amapitabe kukaiona."

"Zili bwino," anatero Getrude. "Ndi mtsikana wanzeru."

Anatakasa tiyi wake nthawi yaitali, shuga atasungunuka kale. Anthu anali akupinda mipando, ana akuthamangitsana pakati pa matebulo akukuwa m'Chingerezi. Mayi Deborah anali atayamba kale nkhani ina, ya yunifolomu zatsopano za kwaya, pamene Getrude anawadula mawu.

"Amapitako kangati pa sabata?"

"Ndani?"

"Prudence. Kwa bambo Gerard."

"Aa, nanga ndinafunsa zimenezo? Bwanji?"

"Ayi, palibe," anatero Getrude, nanyamuka kukathandiza kutsuka makapu.